Kompyuta Yasinthidwa Zam'kati: Tiifomate Kapena Tiisiye Momwemo?

Amayi, zaka zapitazo mlembi wa gulu ankanyamula kope limodzi la chikuto cholimba ndi bolopeni, basi ntchito yatheka. Lero m'maparishi ambiri mayina a mamembala, zopereka za mwezi ndi mwezi, ngongole za banki m'khonde, malipoti opita kudayosizi, ngakhale mndandanda wa odwala amene timawayendera m'makomo, zimalembedwanso pa kompyuta ya ku ofesi ya parishi kapena pa laputopu imene gulu linachita kupatsidwa. Kompyuta nayo imakalamba. Iyamba kuchedwa kutsegula tsamba limodzi lokha, kenako tsiku lina ikana kuyaka. Mukaitengera kwa mmisiri, iye amati muli chipangizo chofunika kusintha, ndipo akatha kusinthako amafunsa funso limene ambiri timangoyankha ndi mutu: "Mayi, tiifomate?"

Phunziro la mwezi uno likukhudza funso limeneli. Musaliyese la anyamata a makompyuta okha. Kuvomera mosaganiza kukhoza kufafaniza m'mphindi zochepa zolemba za zaka zisanu, ndipo tsiku logawana masheya amene adzaimirire pamaso pa gulu kufotokoza kuti uje anali ndi ngongole ya ndalama zingati ndinu msungichuma. Mmisiri uja adzakhala ali pashopu pake.

Kufomata n'kutani kwenikweni?

Ambiri a inu munafulashitsapo foni pamsika. Foni inkazima yokha, mnyamata wokonza anaifulasha, inabwerako ikugwira ntchito bwinobwino, koma manambala a abale, zithunzi za ukwati wa mwana ndi mauthenga a pa WhatsApp zonse zinali zitapita. Kufomata kompyuta ndi mkulu wake wa zimenezi.

Tiyerekeze kompyuta ndi pakhomo. Pali nkhokwe yosungiramo zonse, imene amisiri amaitcha hard disk, kapena SSD ikakhala yamakono. Pali lichero, limene iwo amati RAM, poikapo zokhazo mukugwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Mukazimitsa kompyuta lichero limakhuthuka, koma nkhokwe imasunga zake. Pali chigayo, processor, chimene chimagwira ntchito yonse yowerengetsera. Ndiye pali motherboard, kathabwa kodzaza ndi tinjira ta kopa, pamene zipangizo zonsezi zimalumikizidwa. Imeneyi ndiyo bwalo ndi maziko a khomo lonse.

Pazokha zipangizozi ndi zitsulo chabe. Chimene chimaziyendetsa ndi pulogalamu yaikulu yotchedwa operating system. Makompyuta ambiri kuno ali ndi Windows, ya kampani ya Microsoft. Ena ali ndi Ubuntu kapena mtundu wina wa Linux, ndipo mafoni ambiri ali ndi Android. Windows ili ngati mayi wa pakhomo amene amadziwa pamene pali chilichonse komanso wotuma ntchito iliyonse. Fanizo lathu likutsimphina pang'ono apa, chifukwa mayi ameneyu amakhala m'nkhokwe momwemo, pamodzi ndi makalata anu, matebulo a ndalama ndi zithunzi. Kufomata ndiko kukhuthula nkhokwe yonse, kuisesa, n'kulowetsamo Windows yatsopano. Zanu zimene simunatulutse zimapita limodzi ndi zinyalala.

Mawu ena oti muwadziwe ndi akuti madalaivala. Windows imalankhula ndi chipangizo chilichonse kudzera m'timapulogalamu ting'onoting'ono totchedwa dzina limeneli. Printa ili ndi dalaivala wake, sikirini ili ndi wake, motherboard ili ndi ambiri. Chipangizo chikasinthidwa pamafunika dalaivala watsopano. Nkhani yonse yagona pamenepa: kodi Windows imene inalimo kale ipeza madalaivala a zipangizo zatsopano n'kupitiriza ntchito, kapena isokonezeka?

Yambani mwafunsa kuti chasinthidwa n'chiyani

Safunsa anadya phula. Musanayankhe za kufomata, mmisiri akuuzeni dzina la chipangizo chimene wasintha, ndipo mulilembe m'kope.

Ngati ndi batire, chaja, sikirini, kiyibodi, kafani koziziritsa kapena bokosi lolandira magetsi, palibe chifukwa chofomatira. Munthu sakhuthula nkhokwe chifukwa wasintha chitseko cha kukhitchini.

Ngati wawonjezera RAM, yankho ndi lomwelo. Kompyuta imazindikira yokha kuti lichero lakula. Pali mpata umodzi wokha woti musamale. Windows ili ya mitundu iwiri, ya 32-bit ndi ya 64-bit. Ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito RAM yoposa 4GB, ngakhale muikemo 8GB, yotsalayo imangokhala. Makompyuta ena akale amene timalandira ngati mphatso ali ndi Windows yotere. Kuti muchoke pa 32-bit kupita pa 64-bit palibe njira yachidule, Windows iyenera kuikidwa mwatsopano. Kuona mtundu umene muli nawo n'kosavuta: pa Settings, kenako System, kenako About, pali mzere wolembedwa System type. Mmisiri akuonetseni ndi maso anu musanagule RAM.

Ngati akusintha nkhokwe yeniyeniyo, monga kuchotsa hard disk yakale n'kuikamo SSD, nkhani yake ndi ina. Kusintha kumeneku ndikukuyamikira, chifukwa pa zonse zimene mungagulire kompyuta yokalamba, SSD ndiyo imaipatsa liwiro looneka ndi maso. Hard disk ili ndi kambale kozungulira ndi kasingano kowerenga, pamene SSD ilibe chilichonse choyenda, choncho imapirira bwino kugwedezeka. Amene munakwerapo galimoto kapena njinga yamoto pamsewu wokwera ku Neno boma muli ndi laputopu m'chikwama mukudziwa chimene ndikunena. Koma SSD yatsopano imabwera yopanda kanthu. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kukopera zonse za m'nkhokwe yakale, Windows, mapulogalamu ndi mafayilo, kupita m'yatsopano monga zinalili. Amisiri amati cloning. Kompyuta imayaka ngati palibe chachitika, kungoti yafulumira. Yachiwiri ndi kuika Windows yatsopano pa SSD kenako n'kusamutsa mafayilo anu. Ngati kompyuta inkayenda bwino kupatula kuchedwa, njira yoyamba ndi yabwino. Ngati hard disk inkalira kuti khe khe khe, kapena mafayilo ena ankakana kutseguka, ndiye kuti inali itayamba kufa. Pamenepo mmisiri ayambe wapulumutsa mafayilo anu ofunika, zina zonse pambuyo, ndipo Windows iikidwe yatsopano. Ubwino wake pa njira zonse ziwiri n'ngwakuti hard disk yakale siyenera kufafanizidwa. Imachotsedwa ili ndi zonse, ndipo muyenera kubwerera nayo kunyumba.

Motherboard ndi processor

Apa ndi pamene amisiri enieni amatsutsana, ndipo tiyenera kukhalitsapo.

Kuno ku Neno ndi ku Mwanza, kwa eni manachesi, timadziwa kukwatitsa mitengo. Mumatenga kanthambi ka nachesi wobereka bwino n'kukalumikiza pa tsinde la mandimu. Zikagwirana, mtengo umakula n'kubereka manachesi omwe aja, mizu ili ya mtengo wina. Nthawi zina sizigwirana, kanthambi kamauma. Kusintha motherboard n'kusiya Windows yakale n'chimodzimodzi. Windows imene inazolowera tsinde lina mwaiika pa tsinde lachilendo.

Kale kukwatitsa kumeneku kunkalephera kawirikawiri. M'masiku a Windows XP ndi Windows 7, kompyuta yosinthidwa motherboard inkakonda kuonetsa sikirini ya buluu yodzaza ndi zolemba, n'kuzima. Amisiri ambiri anaphunzira ntchito m'nthawi imeneyo, ndipo lamulo lakuti "wasintha bodi, fomata" linakhazikika m'mitu mwawo. Koma kuyambira pa Windows 10, imene inatuluka mu Julayi 2015, ndi Windows 11 ya mu Okutobala 2021, zinthu zinasintha. Windows ikayaka pa motherboard yachilendo imaima kaye, imalemba kuti ikukonzekera zipangizo, imatha kudzizimitsa n'kuyakanso kangapo, kenako imatseguka. Madalaivala otsala imakatenga yokha pa intaneti. Makompyuta a Ubuntu savuta n'komwe pa nkhani imeneyi, chifukwa madalaivala ambiri amakhala ali kale m'kati mwa Linux.

Choncho maganizo anga ndi awa: mafayilo anu akakhala atasungidwa kwina, mmisiri ayatse kaye kompyuta ndi Windows yake yakale, muone. Kuyesa sikuwononga kanthu. Kufomata mukhoza kuchita mawa kapena sabata yamawa, koma zimene zafomatidwa lero sizibwerera mosavuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa laputopu nkhaniyi ndi yopepukirapo. Motherboard ya laputopu imapangidwa molingana ndi bokosi lake, motero yolowa m'malo imakhala ya mtundu womwewo kapena wapafupi kwambiri. Tsinde ndi lomwelo, ndipo Windows nthawi zambiri siona kusiyana. Chenjezo ndi limodzi: malaputopu ena ang'onoang'ono otchipa nkhokwe yake inawotchereredwa pa motherboard pomwepo, sichotseka. Pa amenewa bodi ikapita, mafayilo apita nayo. Funsani ngati yanu ili yotere lero, isanadwale.

Pa kompyuta ya pa desiki, kusintha processor yokha pa motherboard yomweyo sikufuna kufomata. Kusintha kwakukulu ndi pamene mwachoka pa kampani ina kupita ku ina, monga kuchoka pa Intel kupita pa AMD, kapena pamene bodi yatsopano yasiyana ndi yakale zaka zambiri. Apa Windows ikhoza kuyaka, koma madalaivala akale otsalira amatha kumalimbana ndi atsopano. Zizindikiro zake ndi kuzima kosadziwika bwino, sikirini ya buluu yobwerezabwereza, mawu osamveka, kapena madoko a fulashi ogwira ntchito tsiku lina n'kukana tsiku lina. Igwiritseni ntchito kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Ngati mmisiri wachotsa madalaivala akale n'kuika oyenera koma mavuto akupitirira, pamenepo Windows yatsopano ndiyo mankhwala.

Ngakhale kompyuta itakana kuyaka pa ulendo woyamba, sikuti zatha. Nthawi zambiri vuto limakhala m'makonzedwe a motherboard, amene amatchedwa BIOS kapena UEFI. Hard disk yakale imakhala inakonzedwa mwa njira yakale pamene bodi yatsopano ikuyembekeza njira yatsopano. Mmisiri wodziwa ntchito amasintha makonzedwewo, kapena amagwiritsa ntchito kachida kamene kali kale m'Windows 10 kotembenuzira disiki ku njira yatsopano popanda kufafaniza mafayilo. Inu simuyenera kudziwa kachitidwe kake. Chokwanira n'kufunsa kuti, "Achimwene, mwayang'ana kaye ku BIOS?" Funso limeneli lokha limamuuza kuti mayi uyu si wongovomera.

Pali zinthu ziwiri zimene zimamatirira ku motherboard, zimene ambiri amazidziwa madzi atafika m'khosi. Choyamba ndi laisensi. Windows yovomerezeka imazindikira kompyuta yake makamaka poyang'ana motherboard. Bodi ikasinthidwa, pakona ya sikirini pakhoza kutuluka mawu okuuzani kuti Windows siyotsimikizidwa. Ngati laisensi inalumikizidwa ku akaunti ya Microsoft, pali malo pa Settings pamene mumanena kuti mwasintha zipangizo, ndipo nthawi zina imabwerera. Ngati muli ndi nambala ya laisensi, ya zilembo ndi manambala 25, mukhoza kuilowetsanso. Koma laisensi imene inabwera ndi kompyuta kuchokera kufakitale kawirikawiri ndi ya bodi yoyambayo basi. Zindikirani kuti kufomata sikuthetsa vuto limeneli. Wina akakuuzani kuti "tifomate kuti laisensi ibwerere," sakunena zoona.

Chachiwiri ndi loko wotchedwa BitLocker. Loko ameneyu amatseka zonse za m'nkhokwe kuti wakuba asaziwerenge, ndipo kiyi wake amasungidwa m'kachipangizo ka pa motherboard kotchedwa TPM. Malaputopu ambiri atsopano, komanso ochokera ku mabungwe, amakhala ali ndi loko ameneyu mwini wake osadziwa. Bodi ikasinthidwa, kompyuta imapempha nambala yotsegulira ya manambala 48. Popanda nambala imeneyi palibe mmisiri wa ku Blantyre, Lilongwe kapena Johannesburg amene angatsegule mafayilo anu. Nambalayi imapezeka m'akaunti ya Microsoft ya amene anayamba kugwiritsa ntchito kompyutayo, kapena ku ofesi ya bungwe limene linaipereka. Ifufuzeni kompyuta ikadali yamoyo, muilembe papepala, musunge pamodzi ndi mabuku a gulu.

Nthawi imene kufomata kuli koyenera

Sindikunena kuti kufomata n'koipa. Pali nthawi zimene ndi nzeru, ndipo kusintha zipangizo kumangopereka mpata wabwino wochitira zimene zinkafunika kale.

Kompyuta imene yalowedwa ndi mavayirasi a m'mafulashi, aja amabisa mafayilo n'kusiya tizithunzi tonamizira, ikakana kuchira ndi mankhwala a antivayirasi, ndi bwino kuiyamba mwatsopano. Chimodzimodzi kompyuta yogula kwa munthu kapena yopatsidwa, imene ikadali ndi mayina, mapasiwedi ndi mapulogalamu a mwini wake woyamba. Simudziwa chimene chinabisala m'menemo. Inanso ndi imene inaikidwa Windows yakuba, yothyoledwa loko ndi timapulogalamu tosadziwika kochokera. Timapulogalamu totero nthawi zambiri timabwera ndi alendo osaitanidwa.

Palinso nkhani ya ukalamba wa Windows. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo tsiku lotsiriza la chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10 linali 14 Okutobala 2025. Windows yosiyidwa imayakabe, koma mipata imene akuba a pa intaneti amaitulukira siitsekedwanso. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB, malo osachepera 64GB, TPM 2.0 ndi processor yosakalamba kwambiri. Kwa Intel ndi kuyambira pa m'badwo wachisanu ndi chitatu. Makompyuta ambiri amene ali m'maofesi athu safika pamenepo. Ngati mukugula motherboard yatsopano, funsani ngati ingalandire Windows 11, kuopa kuwononga ndalama za gulu pa chinthu chotha kale nthawi. Ngati kompyuta ili yakale koma yolimba, ndipo ntchito yake ndi makalata ndi matebulo a ndalama basi, Ubuntu ndi yaulere, ndipo pulogalamu ya LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Kungoti mlembi adzafunika masiku angapo kuti aizolowere.

Pakati pa kusiya ndi kufomata palinso njira zapakati zimene sizitchulidwa kawirikawiri. Windows ili ndi malo otchedwa Reset this PC, pamene mungasankhe kusunga mafayilo anu. Windows imakonzedwanso, mafayilo amatsala, koma mapulogalamu amene munaikamo amachoka. Ilinso njira yoika Windows pamwamba pa inzake kuchokera m'kati, imene imasunga mafayilo ndi mapulogalamu omwe. Zonsezi zimatenga nthawi. Kunena mosabisa, chifukwa china chimene amisiri ena amakondera kufomata n'chakuti ndi ntchito yachangu kwa iwo. Kufufuza dalaivala mmodzi wovuta kukhoza kudya tsiku lonse pamene pamzere pali makasitomala ena. Sikuti ndi anthu oipa. Koma nthawi imene iye wapulumutsa mudzailipira ndinu: Windows yokha imafuna fulashi ya 8GB, zokonza zake zimadya bandulo yaikulu, Word ndi Excel ziyenera kuikidwanso ndi laisensi yake, printa ya ku parishi ifuna dalaivala wake, ndipo mapasiwedi a imelo amene kompyuta inkakumbukira yokha mudzayenera kuwakumbukira inuyo. Kwa gulu la ku Dambe kapena ku Nsambe, kuiwala chinthu chimodzi mwa izi ndi ulendo wina wa tsiku lonse.

Zimene tingaonere ku zipatala za kwathu kuno

Boma la Neno lili ndi chitsanzo chapafupi cha zolemba zimene siziyenera kutayika. Kuyambira mu 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene kunja limadziwika kuti Partners In Health, lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo pa chipatala chachikulu cha Neno, cha Lisungwi ndi zipatala zing'onozing'ono za m'boma muno. Mu 2015 kunayamba kiliniki yophatikiza, kumene anthu olandira ma ARV, a BP, shuga, mphumu, khunyu ndi matenda ena okhalitsa amaonedwa pamalo amodzi. Mbiri ya odwala otere imalowetsedwa m'makompyuta pogwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa OpenMRS, imene inayambitsidwa mu 2004 ndi bungwe lomweli pamodzi ndi Regenstrief Institute ya ku America, ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri monga Kenya ndi Rwanda.

Taganizani: munthu wamwa mankhwala zaka khumi. Mtundu wa mankhwala, sikelo yake, zotsatira za magazi, tsiku lobwera, zonsezi n'zimene zimathandiza dokotala kudziwa ngati akupeza bwino kapena ayi, komanso kudziwa amene wajomba kuti amutsatire kumudzi. Zolemba zotere sizingadalire moyo wa motherboard imodzi. Mapangidwe a OpenMRS n'ngakuti mbiri imakhala pa kompyuta yapadera yotchedwa seva, ndipo makompyuta a makalaliki amangolumikizana nayo. Kompyuta ya kalaliki ikhoza kufa, kusinthidwa bodi kapena kufomatidwa, mbiri ya odwala osakhudzidwa. Kuwonjezera apo, m'zipatala za m'Malawi muno wolandira ma ARV amakhala ndi khadi la pepala losungidwa kuchipatala, ndipo aliyense wa ife ali ndi buku lake la kuchipatala kunyumba. Nkhani imodzi imapezeka m'malo angapo.

Gulu lathu silingagule seva. Koma nzeru yake ndi yotheka ndi fulashi ziwiri ndi kope. Gulu limene zolemba zake zili m'malo atatu likafunsidwa za kufomata limayankha mtima uli m'malo, chifukwa limene likukambidwa ndi tsogolo la makina okha, osati la ndalama za anthu.

Musanaisiye m'manja mwa mmisiri

Kusunga kuyenera kuchitika kompyuta isanatsegulidwe ndi sikulu dalaivala. Koperani mafayilo onse pa fulashi kapena pa hard disk yapadera. Musayang'ane mu Documents mokha. Alembi ambiri amasunga zinthu pa Desktop ndi mu Downloads, ndipo malo amenewa ndi amene amaiwalika. Mukatha kukopera, tengani fulashiyo mukaitsegule pa kompyuta ina, mutsegule tebulo la ngongole ndi lipoti la chaka chatha, muone ngati zikuwerengeka. Ena amakopera tizithunzi tolozera fayilo m'malo mwa fayilo yeniyeniyo, n'kudzazindikira mochedwa. Fulashi ikhale iwiri, ina kwa mlembi ina kwa wapampando, chifukwa fulashi imatayika, imachapidwa m'thumba la chitenje, imalowanso vayirasi. Kumene netiweki ikugwira, dzitumizireni mafayilo ofunika kwambiri pa imelo ya gulu. Ndipo tebulo la ndalama lisindikizidwe papepala, atsogoleri asayinire.

Lembaninso mayina a mapulogalamu amene mumagwiritsa ntchito, mtundu wa printa, nambala ya laisensi ngati ilipo, ndi mapasiwedi. Mapasiwedi akhale m'envelopu yomata, osati pachikuto cha kope.

Ngati kompyuta yafa mwadzidzidzi musanasunge kanthu, musataye mtima. Kufa kwa motherboard sikutanthauza kufa kwa nkhokwe. Mmisiri akhoza kuchotsa hard disk, kuilumikiza ku kompyuta ina, n'kukopera mafayilo anu. Muuzeni momveka, pamaso pa mboni, kuti asafomate chilichonse musanaone mafayilo anu pa fulashi. Ndi bwino kupita awiri. Ndipo ngati yafomatidwa kale mwangozi, izimitseni nthawi yomweyo. Pa hard disk yakale kufomata kwachangu sikufafaniza zonse pomwepo, kumangochotsa mndandanda wa zimene zilimo, ndipo pali mapulogalamu amene amatha kubweza zina. Koma chilichonse chatsopano chimene mwasungamo chimalembedwa pamwamba pa zakale. Pa SSD mwayi wobweza ndi wochepa kwambiri.

Mfundo yomweyi ili ndi mbali ina yoopsa. Ngati zofomatidwa zimatha kubwezedwa, ndiye kuti hard disk yakale imene mwaisiya pashopu ikhoza kuwerengedwa ndi aliyense wodzaigula. Muli mayina a amayi amene ali ndi ngongole. Mwina muli mndandanda wa odwala amene gulu limawayendera, ndi matenda awo. M'mudzi mmene aliyense amadziwa mnzake, dzina limodzi lotuluka pa mndandanda wotere likhoza kupasula banja kapena kuchititsa munthu kuleka kupita kukalandira mankhwala. Mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act, loteteza mbiri ya anthu imene ena akusunga, ndipo bungwe la MACRA ndi limene likuyang'anira lamuloli. Nkhani za umoyo wa munthu zili m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera. Choncho hard disk yakale ibwerere ku parishi, itsekeredwe m'kabati. Patapita miyezi ingapo, mukatsimikiza kuti zonse zili bwino pa yatsopano, ifafanizidwe ndi pulogalamu yolemba pamwamba pa disiki yonse, kapena iboolodwe ndi msomali ndi hamala. Mafayilo amene mmisiri anakopera pa kompyuta yake pogwira ntchito awafafanize inu mukuona.

Pomaliza mufunseni chimene chinapha motherboard yoyambayo. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pafupi nafe, ku Nkula ndi ku Tedzani pa mtsinje wa Shire, koma zimenezi sizitanthauza kuti amafika ku ofesi ya parishi ali odekha. Akazima n'kubwera mwamphamvu, kapena mphenzi ikagunda pafupi nthawi ya dzinja, bodi imapsa. Jenereta ndi inveta ya sola yosalongosoka zimachitanso chimodzimodzi, ndipo fumbi la m'chilimwe likatseka kafani kompyuta imatentha mpaka kuwonongeka. Magetsi akazima zulani pulagi kukhoma, mudikire abwere akhazikike. Mvula ya mabingu ikayamba chitaninso chimodzimodzi. Pa bajeti yokonzetsera kompyuta muikepo kachipangizo koteteza ku magetsi amphamvu, ndipo ngati thumba lilola, UPS, imene ili ndi batire lopatsa mlembi mphindi zingapo zoti asunge ntchito yake n'kuzimitsa bwino. Pa msonkhano wa mwezi uno mlembi abwere ndi kompyuta ya gulu, fulashi ziwiri ndi kope, ndipo musabalalike musanaone System type, musanafufuze ngati muli loko wa BitLocker, komanso musanakopere tebulo la ngongole.